Sitolo yakale ya kufupi ndi siteshoni ku Luchenza: pomwe ntchito yafika

Sabata yoyamba ya Meyi

Ndayamba kulemba pano chifukwa achibale amene muli ku Joni ndi ku Mangalande mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp mmawa ndi madzulo kuti ntchito ili pati, ndipo chala chatopa kuyankha mmodzimmodzi. Amene munasonkha muli ndi ufulu wodziwa komwe ndalama yanu ikulowa. Amene simunasonkhe werenganinso, mwina mtima ungagunde.

Nkhani yake ndi iyi. Kuno ku Luchenza, osati patali ndi siteshoni ya sitima, pali sitolo yakale ya khonde lalitali, nsanamira zake zisanu ndi imodzi za njerwa. Namondwe wa Freddy atabwera mu Marichi 2023, amene anapha anthu mazanamazana kuno kumwera, anagwetsa khoma lakumbuyo ndi kusasula malata angapo. Chichokereni nthawi imeneyo kumbuyoko kwangotchingidwa ndi lona. Eni ake ndi mayi wamasiye amene ndimawatchula kuti azakhali, ngakhale ubale wake ndi wa kumpingo chabe. Iwo akufuna kungokonza. Mwana wawo wachisamba akufuna kugwetsa zonse n'kumanga timashopu tinayi tochititsa lendi.

Ine ndinapempha miyezi isanu kuti ndiyeze nyumbayi, ndijambule zithunzi, ndifunse akuluakulu ndi kulemba mbiri yake. Pambuyo pake achite zomwe akufuna, nyumba ndi yawo. Chondichititsa sindibisa: agogo anga aamuna anasoka zovala pakhonde limeneli zaka zambiri, ndipo fizi ya bambo anga inatuluka pansi pa singano ya makina awo.

Sabata yachitatu ya Meyi

Tatha masiku atatu tikuyeza, ine ndi bambo wina mmisiri womanga, wachikulire, wosakonda kuyankhula. Ine ndinali ndi tepi ndi kope, iwo anali ndi chipande ndi msomali. Kunena zoona msomali wawowo wagwira ntchito kuposa tepi yanga.

Anayamba ndi kukanda pakati pa njerwa za chipinda chakutsogolo. Panatuluka dothi lofiira, osati simenti. Njerwa zake ndi zootcha, zikuluzikulu kuposa za masiku ano, koma anazimanga ndi matope, n'kungomata pamwamba ndi njereza. Titalowa zipinda zapakati, msomali unakana kulowa: simenti. Kumbuyo komwe kunagwa kuja ndi zidina zokhazokha, maziko ake osapitirira chikhatho. Atatha anandiyang'ana n'kuti, “Aphunzitsi, apa mukuti nyumba imodzi, koma ndi nyumba zitatu. Yagwayi ndi yaing'ono pa zonse.” Ndiye kuti namondwe anagwetsa chimene chinamangidwa komaliza, chakalecho anachilephera.

Kudenga ndinakwera ndekha, mawondo akunjenjemera. Mitanda yakutsogolo ndi ya mkungudza. Ukaipala pang'ono ndi mpeni fungo lija limatulukabe, ndipo chiswe sichinayerekeze n'komwe, pomwe mapaso a bulugamu akumbuyo angotsala khungwa, mkati muli dothi. Mkungudzawu unachokera m'phiri la Mulanje lomwe timaliona tikaima pakhondepo. Lero mtengowu watsala pang'ono kutheratu m'phirimo, ndipo kudula n'koletsedwa, choncho ndawauza azakhali kuti chilichonse chingachitike, mitandayi isapite kunkhuni. Malata akutsogolo nawo ndi ochindikala, munthu mmodzi sanganyamule awiri.

Koma chimene chandigwira mtima chili pansi. Pakhonde, simenti yake inaperepeseka ndi mapazi mpaka kuterera, ndipo pali malo atatu pomwe pali timaenje tinayitinayi, tofanana kutalikirana kwake. Ndinaganiza kuti ndi madontho a mvula. Mmisiri anangoseka. Ndi miyendo ya makina osokera opalasa ndi mapazi aja. Makina atatu, aliyense pamalo pake, kugwedezeka zaka ndi zaka mpaka chitsulo kudya simenti. Ndajambula, ndayeza, ndipo ndaika njerwa mozungulira kuti anyamata a kabaza asamakokerepo njinga.

Kumayambiriro kwa Juni

Anthu ambiri amene ndawafunsa kumsika akuti, “Ija inali ya Mandala, inamangidwa pobwera sitima.” Ndikufuna nkhani imeneyi tiithetse msanga.

Mandala inali kampani ya ku Scotland, African Lakes, imene inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878. Oyang'anira ake oyamba anali pachibale, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi amaso amene ankanyezimira padzuwa, anthu n'kumutcha Mandala, dzina n'kusamukira kukampani. Nyumba yawo ya ku Blantyre, ya mu 1882, ilipobe mpaka lero. Kampaniyi inali ndi masitolo m'madera ambiri, mwakuti kwa anthu a msinkhu wanga kutsika m'munsi sitolo iliyonse yakale ya khonde ndi “Mandala”, monga mankhwala otsukira mano aliwonse ali Colgate.

Koma agogo enieni, a zaka za m'ma 80, palibe ngakhale mmodzi amene wanena zimenezo. Onse akuti “kwa mmwenye”. Kamangidwe kakenso kakuvomereza: sitolo kutsogolo, zipinda zogona banja kuseri kwa kauntala, khomo limodzi lolumikiza, kabwalo kotchingidwa kumbuyo. Mwini wake ankagona ndi katundu wake. Ndatseka nkhani ya Mandala. Amene akufuna kutsutsa abwere ndi pepala.

Za sitima zokha pali choona pang'ono. Njanji ya Shire Highlands Railway, yochokera ku Port Herald, komwe ndi ku Nsanje lero, kudzera ku Chiromo mpaka ku Blantyre, inatsegulidwa mu 1908, ndipo Luchenza inamera chifukwa cha siteshoni. Tiyi wa ku Mulanje ankadzakwerera pano, katundu wa m'masitolo ankatsikira pano. Popanda njanji sitoloyi sikanakhalapo. Koma kuti inamangidwa chaka chomwecho, ameneyo ndi mkamwa chabe.

Pakati pa Juni, kuchokera ku Zomba

Ndakhala masiku anayi ku nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko lino, National Archives. Ndinagona kwa mlamu wanga ku Chinamwali, choncho ndalama yapita pa thiransipoti ndi mafotokope basi.

Kwa amene mungadzapiteko, zinthu ziwiri. Choyamba, mukamafufuza iwalani kalembedwe kathu. Thyolo ndi Cholo, Mulanje ndi Mlanje, Nsanje ndi Port Herald. Ine ndinataya theka la tsiku ndikusakasaka Thyolo m'kaundula wa nthawi ya atsamunda. Chachiwiri, mu 1919 moto unawotcha maofesi a boma ku Zomba komweko, mapepala ambiri a zaka zoyambirira n'kupsa. Zambiri zimene mungazipeze ndi za pambuyo pa chaka chimenecho.

Ndawerenga malipoti a ma DC mpaka maso kuwawa. Muli msonkho wanyumba, muli tiyi, muli madandaulo a eni maesiteti kuti antchito akuchepa nthawi yadzinja, muli za abale athu a Chilomwe amene ankawoloka Ruo kuchokera ku Mozambique kudzakhala m'maesiteti pansi pa thangata. Masitolo a amwenye amatchulidwa mongodutsa, ngati chinthu chowerengedwa pamodzi ndi milatho. Njira ya katundu yokha ikuoneka bwino: sitima zapamadzi kufika ku Beira, njanji kukwera nayo, ndipo mlatho wa Zambezi pakati pa Sena ndi Mutarara utatha mu 1935, nsalu ndi mchere zinayamba kufika kuno popanda kuwolotsedwa pamadzi.

Dzina la banja limene linali ndi sitoloyi ndalipeza, ndipo likugwirizana ndi lomwe agogo awiri ananditchulira mokhotetsa lilime. Sindililemba pano. Zidzukulu zawo zilipo, sindinazipemphe, ndipo si bwino munthu kudzidzimuka dzina la agogo ake likuyendayenda pa Facebook.

Chimene ndabwera nacho kwenikweni ndi mkwiyo pang'ono. Masiku anayi, mafayilo mulu, osapezamo telala ngakhale mmodzi. Mulibe wophika, mulibe mlonda, mulibe mnyamata woyeza mchere. Pepala limadziwa mwini malo ndi wolipira chiphaso. Agogo anga anakhala pakhonde paja theka la moyo wawo, koma umboni wawo wonse ndi timaenje tinayi m'simenti.

Sabata yoyamba ya Julayi

Tsiku labwino kuposa onse chiyambireni. Ndinakwera kabaza kupita cha ku Khonjeni kukaonana ndi agogo ena amene anaphunzira utelala kwa agogo anga ali mnyamata. Maso anachita khungu koma mutu uli gwa. Nditadzifotokoza anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kuti, “Ndiwe mdzukulu wa abwana anga? Khala pansi mwana wanga, usafulumire.” Ndinapita ndi shuga, sopo ndi buledi. Tinacheza kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka nkhuku kulowa.

Ndinajambula mawu pafoni, maola atatu. Pano ndingotapako.

Makina awiri anali a mwini sitolo, amodzi anali a agogo anga, a Singer, amene anagula pang'onopang'ono. Khonde silinali la lendi ya ndalama. Mgwirizano unali wakuti nsalu igulidwe mkati, isokedwe panja. Telala akaona mayi akuyang'anayang'ana, ankamukopa, kumuuza mayadi oyenera, kumuperekeza mpaka pakauntala. Wobwera ndi nsalu yogula kwina ankamusokera mobisa, nsalu ili pansi pa ntchafu. Akuti agogo anga pa zimenezi anali katswiri, zomwe kunyumba sanatiuzepo.

Tsiku la malipiro m'maesiteti khonde linkadzaza kuyambira m'mamawa. Amuna ankafuna kabudula wa khaki, amayi biriwita ndi chilundu, ana ankangotsatira fungo la masiwiti. Munthu ankasiya muyezo, kupita kukamwa tiyi, pobwera n'kupeza malaya atha. Mabatani ankasokerera anyamata ophunzira, ndipo agogowa akuti chaka chawo choyamba chonse sanaloledwe kukhudza makina, ntchito inali mabatani ndi kupemerera makala a simbi.

Pakhonde pomwepo ndi pomwe ankawerengera makalata ochokera ku Joni ndi ku Salisbury, chifukwa telala mmodzi anafika Sitandade 3 yakale. Pomwepo ankamvera wailesi. Pomwepo anamvera kuti Kamuzu wamangidwa, mu Marichi 1959, ndipo akuti tsiku limenelo mwini sitolo anatseka mazenera ndi matabwa dzuwa likadali pamutu, matelala n'kunyamula mitu ya makina kupita nayo kwawo.

Ndinawafunsa ngati mwini sitolo anali munthu wabwino. Anakhala chete kanthawi. Kenako anati ankakongoza mchere ndi palafini popanda kunyoza, ndipo mwana wa agogo anga atadwala usiku anamutengera kuchipatala pa galimoto yake. Koma pa zaka zonsezo palibe telala amene analowapo kuseri kwa kauntala, ndipo madzi akumwa ankapatsidwa m'chitini chawochawo chopachikidwa pa msomali panja. Zonse ziwiri ananena ndi mawu amodzimodzi, osakweza osatsitsa. Ndidzazilemba zonse ziwiri. Msomali uja ndaupeza, uli pa nsanamira yachiwiri kuchokera kumanzere.

Anandiseketsa ndi nkhani ya 1973, boma litakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa amayi mathalauza ndi masiketi osafika pansi pa mawondo. Akuti imeneyo inali nyengo yokolola. Atsikana ankabwera ndi madiresi awo kudzawonjezera nsalu m'munsi, mtundu wina pamwamba wina pansi, ndipo mathalauza a anyamata otambalala kumapazi ankabwera kudzachepetsedwa. Kenako misonkhano ya chipani, nsalu za mbumba za nkhope ya Kamuzu, mayi aliyense akufuna yake ithe lero. “Ndale sitinkazidziwa,” anatero, “tinkangodziwa kuti zikatentha, ulusi umatha.”

Kumapeto kwa Julayi

Palibe chachitika. Malungo anandigwetsa sabata ndi theka. Ku ofesi ina komwe ndikufuna mapu a malowa ndapitako katatu, ulendo uliwonse wosunga makiyi “wangotuluka kumene”. Ndisiye pomwepo.

Za ndalama: tagwiritsa ntchito pafupifupi theka. Mtengo wa simenti umene tinawerengera poyamba unali wa kale, kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kulakwa kumeneko ndi kwanga, ndinakopera pa pepala lakale la azakhali osafunsa kuhadiweya. Malisiti onse ndawatumiza pa gulu.

Sabata yachiwiri ya Ogasiti

Tasuntha kauntala. Panafunika amuna asanu ndi mmodzi. Ndi thabwa la mlombwa lochindikala ngati buledi, ndipo m'mphepete mwake, mbali ya wogulitsa, muli timisomali tamkuwa tokhomedwa mumzere. Ndinayeza: kuchokera pa woyamba kufika pa womaliza ndi yadi imodzi ndendende, wapakati ndi theka. Pamenepo ndi pomwe nsalu inkayezedwa. Agogo a ku Khonjeni anandichenjeza kale kuti poyeza pankafunika maso, chifukwa chala chachikulu cha wogulitsa chinkatha kudya inchi imodzi pa yadi iliyonse, ndipo ntchito ina ya telala inali kutsokomola akaona zimenezo. Yadi yake ndi yokwana. Za chala sindingaikire umboni.

Pansi pa kauntala panali fumbi la zaka makumi, ndowe za makoswe, mabatani, chivindikiro cha botolo la Sobo, ndi kandalama kamodzi kakuda bii. Nditakatsuka ndi mandimu kanaoneka: kobiri yoboola pakati, njovu ziwiri zitaimirira uku ndi uku kwa bowolo, mawu akuti Rhodesia and Nyasaland. Ndi ya nthawi ya chitaganya, chimene chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Ana a kabaza anaunjikana kudzaona, mmodzi n'kufunsa ngati ndi ya mankhwala. Ndinawafotokozera kuti makobiri 12 ankapanga sheleni, atatu anali tiki, ndipo amayi ankazitunga pa chingwe n'kumanga m'chiuno. Kwacha ndi tambala zinabwera mu 1971, masheleni 10 n'kukhala kwacha imodzi. Anandiyang'ana ngati ndikunena nthano ya kalulu.

Kobiriyi yatithandiza pa chinthu chimodzi: kauntala yakhala pamalo pomwepo kuyambira nthawi imene ndalama imeneyi inkayenda, chifukwa pomwe inagwera dzanja silifika.

Kuseri kwa shelefu tinapezanso mapepala atatu a m'kaundula wa ngongole, odyedwa m'mbali, olembedwa m'zilembo za Chigujarati. Ndinatumiza zithunzi kwa bambo wina wachikulire wa ku Limbe amene amawerenga chinenerochi. Anandiimbira foni yekha, mawu akunjenjemera pang'ono, akuti kalembedwe kake kakumukumbutsa bambo ake. Muli mchere, palafini, machesi, sopo, makasu. Okongola sanalembedwe ndi mayina awo enieni koma ndi zizindikiro: wamtali wa ku esiteti yakuti, mkazi wa kapitawo, mphunzitsi. Ndipo pamzere umodzi pali mawu otanthauza “telala wamkulu”, pambali pake ulusi ndi singano, ngongole yodulidwa ndi mzere kusonyeza kuti inabwezedwa.

Sindinganene motsimikiza kuti ndi agogo anga. Koma telala wamkulu pakhonde paja anali mmodzi. Ku Zomba ndinawasowa, ndadzawapeza kuseri kwa shelefu, m'buku la ngongole, atabweza.

Kumapeto kwa Ogasiti

Tsopano chigawo chovuta kulemba, cha m'ma 1970.

Boma la Kamuzu linalamula kuti amalonda achimwenye achoke m'madera akumidzi kuti malonda atsale m'manja mwa Amalawi akuda. Zinayamba pang'onopang'ono kumayambiriro kwa zaka zimenezo, ndipo pofika 1978 analoledwa kuchita malonda m'mizinda inayi yokha: Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Ambiri anasamukira ku Limbe, ena anapitirira mpaka ku Britain. Mukayenda m'matauni ang'onoang'ono a dziko lino mudzaona mizere ya masitolo a makonde ngati athuwa, ena opanda denga. Ambiri nkhani yawo inakhotera pamenepa.

Azakhali anandifotokozera mbali yawo titakhala pamkeka kuseri, akusenda nandolo. Anagula sitoloyi ndi apongozi awo aamuna, amene anagwira ntchito m'migodi ku Joni kudzera ku Wenela. Anabwerera kumudzi pambuyo pa ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974, imene inapha Amalawi oposa 70 ndi kuchititsa Kamuzu kuimitsa ulendo wa kumigodi. Anabwera ndi sutikesi, wailesi, njinga ndi ndalama yosunga. Sitolo itatsala pamsika, anaigula. Tsiku lotsegula kunaphedwa mbuzi, kunavinidwa tchopa.

Zaka zoyamba zinayenda. Katundu ankakaoda ku Chipiku. Koma mwini wakale anali ndi abale ku Limbe omupatsa katundu pangongole, anali ndi lole, ndipo analibe mbumba pano. Watsopanoyu chilichonse ankalipira kashi, katundu ankabwera pa matola, ndipo mudzi wonse unali abale ake. Mlongo akabwera kuti mwana alibe yunifolomu, ungamulembe m'buku? Maliro akagwa, nsalu yoyera ndi shuga zinkachokera pashelefu. Azakhali akuti pamene ankakwatiwa anapeza mashelefu apamwamba atadzazidwa ndi makatoni opanda kanthu, kuti sitolo izioneka yodzaza.

Pali anthu amene amakonda kunena kuti izi zikusonyeza kuti ife malonda sitiwatha. Ine ndikukana. Munthu anapatsidwa nyumba popanda msewu wa katundu umene unkaidyetsa. Kenako nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, ndipo madzi atakokolola njanji ku Chiromo mu 1997 sitima ya kumunsi inasiya kukhala ija yakale. Magalimoto ambiri opita ku Mulanje anayamba kudzera msewu wa Midima, osaponda Luchenza. Ngakhale mwini wakale akanakhalapo akanaona zakuda.

Matelala anatsala pakhonde, tsopano akulipira lendi ya ndalama. Chinawachotsa si lamulo la 1978 koma kaunjika. Malaya a pamulu atatsika mtengo kuposa yadi ya nsalu, makina anayamba kungosoka zigamba ndi kuchepetsa m'chiuno. Agogo anga anali atapuma kale. Womaliza anachoka matipate atayamba kale.

Zotsatira zake ndingozitchula mwachangu, chifukwa ambiri mukuzikumbuka: golosale, kenako vidiyo shoo ya mafilimu a karate, mazenera atatchingidwa ndi mabulangete, kenako kampingo kena ka ng'oma ndi zokuzira mawu komwe kanatha miyezi yochepa, kenako mosungira mabelo a kaunjika yemweyo. Zipinda za zidina zinagwa zija anamanga amuna awo a azakhali kuti azichititsa lendi. Lero pakhonde pali mtsikana wa Airtel Money ndi Mpamba ndi ambulera yake, ndi mayi wogulitsa mandasi. Sindinawauze kuti tebulo lawo laima pamalo pa makina achitatu.

Pakati pa Sepitembala

Msonkhano wabanja unachitika Lamlungu titaweruka kutchalitchi, pakhonde pomwepo. Panali azakhali, ana awo atatu, malume awo a anawo monga mwini mbumba, mmisiri ndi ine. Ndinaitanidwa ngati mlendo, ndipo ndinayesetsa kukumbukira zimenezo.

Mwana wachisamba anabwera ndi pulani yojambulidwa bwino. Sanafunenso kugwetsa zonse, mmisiri anali atamuuza kale kuti khoma lakutsogolo ndi lolimba kuposa lomwe angamange ndi ndalama zomwe zilipo. Koma ankafuna kutseka khonde ndi njerwa kuti lisanduke mashopu awiri. Masamu ake ndi oona, sindingawatsutse. Ali ndi ana kusekondale. Anandiuza mwaulemu koma mosapsatira: “Achimwene, mbiri yanuyo ndi yabwino, koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mayiwa adya chiyani, zithunzi?”

Ndinalibe yankho la ndalama. Ndinangowaonetsa timaenje tija, msomali wa chitini, ndi pepala la ngongole. Ndinanena kuti mkati mwa sitolo munali mwa eni, koyamba mmwenye kenako agogo awo, koma khonde linali la aliyense wobisala mvula, wodikira sitima, wodzasoketsa. Mukalitseka, nyumba idzatsala, koma mbali imene anthu athu ankakhalako idzapita. Ndikuvomereza kuti ndinayankhula motalika kuposa mlendo.

Anathetsa nkhani ndi malume, ndipo sanaithetse ndi mbiri. Anafunsa mtsikana wa Airtel Money ndi mayi wa mandasi kuti amalipira zingati pamwezi, n'kufunsa ngati pangakwane ena awiri. Kenako anafunsa mmisiri mtengo wa njerwa, zitseko zachitsulo ndi mazenera a mashopu awiri. Atawerengera pa foni zinaoneka kuti ndalama yotsekera khonde ingatenge zaka kuti ibwerere, pomwe matebulo anayi ayamba kulipira mwezi wamawa. Azakhali, amene anali chete nthawi yonseyi, anangoti, “Ine ndinaonedwa koyamba ndi bambo anu nditaima pa nsanamira iyo. Isiyeni.”

Ndiye zagwirizanidwa motere. Khonde likhala lotsegula. Chipinda chachikulu chigawidwa pawiri ndi matabwa, osati njerwa, kuti wina akadzafuna adzachotse. Kumbuyo kumangidwanso ndi njerwa zootcha, maziko okuya. Pomwe ndagonja ndi pansi: mwana wachisamba akufuna matailosi pakhonde lonse, akuti simenti yakaleyo ikuchititsa manyazi. Tinakokanakokana mpaka anavomera kusiya malo a makina amodzi, a pakona, osaphimba. Awiri enawo apita. Ndawajambula mbali zonse, ndipo mmisiri wandithandiza kudinda timaenjeto pa simenti yanyowani m'kabokosi, kuti chikombole chake chisungike.

Sabata yoyamba ya Okutobala

Khoma lakumbuyo lafika pa lintala. Malata atsopano 14 agulidwa, akale akutsogolo tangowakhomanso ndi kumata mabowo. Mitanda ya mkungudza sinakhudzidwe. Nsanamira ziwiri zinali zitang'aluka, zamangidwanso ndi njerwa zake zomwe, ndipo ndinaimirira pomwepo mpaka msomali wa chitini unabwezedwa pamalo pake. Anyamata othandiza mmisiri akuti aphunzitsi apenga.

Kauntala yakana kulowa m'shopu iliyonse mwa awiriwo, ndi yaitali. Mwana wachisamba anati aidule pakati, ine ndinati adule kaye ine. Pakadali pano ili m'chipinda chapakati, yafunditsidwa lona.

Zolemba zafika masamba 31. Zotsala: kumasulira maola atatu a agogo a ku Khonjeni, chifukwa pena ankalowa Chilomwe ndipo changa n'chopereweza, ndiye ndikufuna wondithandiza, kupitanso ku ofesi ija kukafuna mapu, ndi kulembera kalata banja la mwini woyamba. Bambo a ku Limbe aja andipezera njira yofikira mdzukulu wina amene ali ku Leicester. Kalatayo ndailemba kanayi, ndaing'amba kanayi. Sindikufuna ioneke ngati yopempha ndalama, komanso za chitini sindikufuna kuzibisa. Ndikufuna kuwafunsa ngati ali ndi chithunzi chilichonse cha kutsogolo kwa sitolo, chifukwa ngati chilipo, mwina pakona pake pali munthu atawerama pa makina.

Amene munalonjeza za simenti yotsala, matumba asanu ndi atatu, chonde tumizani isanathe sabata yamawa. Mitambo yayamba kuunjikana pa Mulanje madzulo aliwonse, ndipo mmisiri akuti sapaka pulasitala mvula ikugwa.